Galasi la Kutsogolo kwa Galimoto ndi Mtengo Wace

Nkhani ya lero ikhudza anthu onse amene ali ndi galimoto, ndi aja amene adyera pa galimoto ya munthu wina, ndiponso aja a ku migodi amene alikusunga ndalama kuti pakutha nchito agule yao. Ndi nkhani ya galasi lalikulu lija la kutsogolo, limene m'magalaja a mu Lusaka alichula windscreen. Woyendetsa apenya kupyola m'galasi limeneli tsiku lonse osaliona konse ai. Ayamba kuliona tsiku limene lang'aluka.

M'komboni iri yonse, kaya ku Chawama, ku Kanyama, ku Matero kapena ku Mtendere, muli munthu wa mtundu uwu. Anagwira nchito zaka zambiri pa mgodi ku Copperbelt, ndipo atalandira ndalama zace zopumira anadza ku Lusaka, nagula Toyota Corolla yogwirapo kale nchito yocokera ku Japan, nayamba kunyamula anthu. Galimotoyo ndiyo munda wace. Ufa, lendi, malasha ndi mayunifomu a ana, zonse zicokera m'menemo. Tsiku lina pocokera ku Kabwe pa mseu wa Great North anatsata lole yonyamula miyala. Kamwala kanathawa ku tayala, nikamenya galasi kuti tha! Kanasiya kacipsera konga nyenyezi, kocepa kuposa khobiri la kwacha imodzi. Tsoka silinunkha. Iye anapukutapo ndi cala, nati, "Palibe kanthu," napitiriza ulendo.

Koma galasi silipola lokha monga cilonda ca munthu. Unali mwezi wa October, dzuwa liri kuswa mtengo. Galimoto inali kukhala padzuwa kufikira galasi litatentha kosakhudzika, ndipo masana anyamata otsuka magalimoto anali kulithira madzi ozizira. Galasi likatentha litukumuka pang'ono, likazizidwa mwadzidzidzi likhwinyata, ndipo ligonjera pamene pali cipsera. Pamwamba pa izo panali maenje a m'miseu ya m'komboni, amene apotokola thupi lonse la galimoto. Patapita masabata owerengeka nyenyezi ija inaturutsa mcira, mcirawo nuyenda ngati njira ya nkhono kufikira unadutsa patsogolo pa maso a woyendetsa. Wapolisi pa rodibuloko anauloza ndi cala, ndiponso nthawi yokapimitsa galimoto ku RTSA inali itayandikira. Bungwe limeneli, lokhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la 2002, ndilo lipereka cikalata ca fitness, ndipo galimoto imene woyendetsa wace saona bwino mseu iri pa ngozi yakubwezedwa.

Mkulu uja anayenda malo atatu. Woyamba, mnyamata wa pambali pa mseu, anachula mtengo wocepa, nati, "Bambo, musabvutike, tidzamanga pompano, ndipo nsima ya masana mukadyera kwanu." Waciwiri, wa m'sitolo ya zipangizo za magalimoto m'tauni, anayamba wafunsa nambala ya chassis, nachula mtengo wokwererapo. Wacitatu, wa m'galaja yaikulu yogulitsa magalimoto atsopano a mtundu womwewo, anachula mtengo umene unamkhalitsa pansi. Iye anabwerera ku nyumba ali wokwiya, nauza mkazi wace kuti anthu a m'tauni ndi mbala zokha-zokha. Kapena ena mwa iwo ali otero ndithu, koma kusiyana kwa mitengo itatu ija kuli ndi zifukwa zace zoona, ndipo munthu wozidziwa sapusitsidwa msanga.

Coyamba ndi kudziwa cimene cigulidwa. Galasi la kutsogolo siliri limodzi ai, koma ndi awiri ophatikizana, liri lonse lokhuthala pafupi mamilimita 2, ndipo pakati pao pali cikopa copyapyala ca pulasitiki coonekera, cochedwa PVB, cimene kukhuthala kwace sikufika ndi milimita imodzi yomwe. Mwala ukamenya, galasi ling'aluka koma zidutswa zace zikhala zomatirira pa cikopaco, osaulukira ku maso kwa anthu. Magalasi a m'mbali ndi la kumbuyo kawiri-kawiri ndi a mtundu wina, oumitsidwa ndi moto ndi mphepo, amene akasweka aphwanyika onse nthawi imodzi kukhala tizidutswa tonga mcere wa miyala.

Nzeru ya kuphatika magalasi inacokera ku France. Anthu asimba kuti m'caka ca 1903 katswiri wa mankhwala, dzina lace Édouard Bénédictus, anagwetsa botolo m'cipinda cace cogwiriramo nchito. Botololo linang'aluka koma losamwazika, popeza m'kati mwace munali mutauma mankhwala ena onga ulimbo. Mu 1909 analembetsa nzeruyo ku boma kuti ndi yace. Opanga magalimoto anacedwa kuilandira cifukwa ca mtengo wace, ndipo zaka zimenezo anthu anali kucekeka nkhope ndi magalasi wamba ngakhale pa ngozi zazing'ono. Kampani ya Ford ku America inaika galasi lotere pa galimoto yace ya Model A, imene inaturuka kumapeto kwa 1927. Pambuyo pace, mu 1959, kampani ya Pilkington ku England inalengeza njira yopangira galasi losalala poliyandamitsa liri losungunuka pamwamba pa citsulo ca tini cosungunukanso, ndipo ndiyo njira imene mafakitale atsata kufikira lero lomwe.

Galasi losalalalo alidula, nalitenthetsa kufikira lifewa, naliweramitsa pa cikombole. Apa ndi pamene pagona cifukwa cacikulu ca mitengo, pakuti mtundu uli wonse wa galimoto uli ndi cikombole cace-cace. Oumba njerwa adziwa kuti cikombole cimodzi cikaumba njerwa zikwi-zikwi, njerwa imodzi ichipa. Momwemonso galasi la Corolla, la Vitz kapena la minibasi ya Hiace silibvuta kupeza, popeza magalimoto amenewa ndiwo adzaza mseu wa Lumumba ndi wa Cairo, ndipo amalonda aitanitsa magalasi ace mwaunyinji. Koma munthu amene anakopeka ndi cithunzi pa intaneti nagula galimoto yosowa, kuti anzace amuone, adzadikira masabata kuti galasi lace licokere kunja, lokha m'bokosi lace, ndipo adzalipira bokosi ndi ulendo womwe. Ici ndi coyenera kucilingalira munthu asanagule galimoto, osati atagula kale.

Wa m'sitolo uja sanafunse nambala ya chassis mwamwano ai. Dzina lakuti Corolla ndi limodzi, koma matupi ace ndi ambiri. Kuyambira mu 2006 Corolla yogulitsidwa m'dziko la Japan, yochedwa Axio, inakhala yopapatiza kuposa Corolla yopangidwa ku Durban ndi ku maiko ena, kotero kuti galasi la ina silikwana pa inzace. Zilembo zoyamba za nambala ija, monga NZE121, ziuza wamalonda thupi leni-leni la galimotoyo. Nambalayo iri m'cikalata ca umwini cimene onse acichula white book, ndipo munthu wopita kukafunsa mtengo ainyamule.

Tsono pali nkhani ya wopanga. Magalimoto a ku Japan aturuka m'fakitale ndi magalasi a makampani onga AGC ndi Nippon Sheet Glass, ndipo galasi lokhala ndi cizindikiro ca mwini galimoto, monga Toyota, ndilo lodula koposa. Mbali ina ya mtengo wace ndi ya dzinalo. Pali magalasi ena opangidwira galimoto yomweyo koma opanda cizindikiro cimeneco, monga a Shatterprufe a ku South Africa, kapena a Fuyao ndi Xinyi a ku China. Anthu ena akamva kuti cinthu ncocokera ku China acinyoza pomwepo, koma pa nkhani iyi alakwa, cifukwa Fuyao ndi imodzi mwa makampani aakulu koposa a magalasi a magalimoto pa dziko lapansi, ndipo igulitsa kwa opanga magalimoto eni ace. Coopsa ndi galasi lopanda dzina konse. Pa ngodya ya pansi ya galasi labwino pali zolembedwa zosafafanizika: dzina la wopanga, lemba E m'kati mwa kabwalo pamodzi ndi nambala, zilembo 43R zosonyeza lamulo la maiko limene galasilo linapimidwa nalo, ndipo kawiri-kawiri mau akuti LAMINATED ndi AS1. Wogula awerame, awerenge yekha galasi lisanamangidwe. Ayang'anenso kupyola m'galasilo cinthu coongoka, monga mtengo wa magetsi. Cikaoneka copindika-pindika, galasi limenelo lidzatopetsa maso pa ulendo wautali.

Onse amene achulidwa apa ali kutali. Fakitale ya magalasi imene inali ku Kapiri Mposhi inali kupanga mabotolo, osati magalasi a magalimoto. Galasi liyenda pa nyanja kufika ku Dar es Salaam, niliyamba ulendo wa pafupi makilomita 2,000 pa lole kudzera ku Nakonde. Kapena licokera kumwera, niliwoloka Zambezi pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula, umene unatsegulidwa mu 2021. Ndi katundu wosweka, ndipo amene asweka pa njira alipiridwa ndi amene afika amoyo. Pa malire a Zambia Revenue Authority alandira msonkho wa katundu wolowa ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti, ngakhale kuti katundu wambiri wopangidwa m'maiko a SADC alowa ndi msonkho wocepa ngati ali ndi cikalata cotsimikiza kumene anapangidwa.

Ndipo wamalonda agula ndi madola kapena marandi, nagulitsa ndi kwacha. Omvera a ku migodi adzamvetsa ici kuposa wina ali yense, pakuti mphamvu ya kwacha iyenda pamodzi ndi mkuwa umene iwo akumba. M'caka ca 2015 mtengo wa mkuwa unagwa, mgodi wa Baluba ku Luanshya unaima, Mopani inacotsa anchito zikwi, ndipo kwacha inataya pafupi theka la mphamvu yace poilinganiza ndi dola. Zinthu zonse zocokera kunja zinakwera nthawi yomweyo, ndi zipangizo za magalimoto zomwe. Munthu amene anacotsedwa pa mgodi nagula galimoto kuti apulumukirepo anapeza kuti tsoka lomwe lija lamtsata kufikira m'sitolo. Cifukwa cace mtengo umene mnansi analipira caka catha suthandiza kwambiri lero, ndipo wamalonda wonena kuti mtengo wace ndi wa sabata ino yokha sanama nthawi zonse.

Nanga galasi la mnyamata wa pambali pa mseu lija linachipiranji? Kawiri-kawiri lotere ndi locotsedwa pa galimoto ina imene inacita ngozi kapena inafa injini. Si cinthu coipa mwa ico cokha, ndipo pa galimoto yosowa nthawi zina ndiyo njira yokha. Koma lifuna maso. Policotsa alidula ndi waya kapena mpeni, ndipo kacilema kocepa ka m'mphepete, kobisika pansi pa utoto wakuda, kadzabala mng'alu mwezi wa mawa. Mtambo woyera m'mbali usonyeza kuti cinyezi calowa pakati ndipo magalasi awiri aja ayamba kulekana. Galasi lakale likhalanso ndi timaenje tosawerengeka ta mcenga ndi zokanda za mawaipa. Masana sizioneka, koma usiku, poyang'anizana ndi nyali za malole pa mseu wa ku Ndola, galasi lonse liyera mbee, ndipo munthu woyenda pansi m'mbali mwa mseu saoneka. Woyendetsa usiku ayenera kuopa galasi lotere kuposa mtengo wa latsopano.

Palinso cina coyenera kucinena poyera. Ku Kalingalinga, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, wochedwa ndi dzina la woimba ndi wolengeza wa pa wailesi uja amene anaphedwa mu 1978, kuli amisiri a luso leni-leni opanga zitseko, mageti ndi mafelemu a mazenera, ndipo galasi la nyumba lidulidwa bwino m'makomboni onse. Koma galasi la nyumba si la galimoto. Pa malole ndi mabasi akale a galasi loongoka, munthu wofuna kupulumutsa ndalama angayesedwe kudulitsa galasi wamba. Limenelo likasweka lituruka mipeni yaitali, ndipo wotero wabwezera apaulendo ace ku masiku aja Bénédictus asanagwetse botolo lace.

Theka lina la mtengo ndi la manja ndi guluu, ndipo apa ndi pamene ambiri alakwira. Magalimoto akale anali ndi mphira wozungulira, ndipo galasi linali kulowetsedwa ndi cingwe. Inali nchito yacangu ndi yochipa. Magalimoto a masiku ano galasi limamatidwa ku thupi la galimoto ndi guluu wakuda wa polyurethane, ndipo likamatidwa likhala ciwalo ca thupilo. Lithandiza kucirikiza denga galimoto ikagubuduka, ndiponso pa magalimoto ambiri thumba la mpweya, lochedwa airbag, la wokhala pambali pa woyendetsa lifufuma motsamira galasi. Galasi likakhala lomatidwa mwacinyengo, thumbalo lilikankhira kunja, ndipo munthu alitsata. Mmisiri woona adula guluu wakale nasiya kamzere kopyapyala, apala dzimbiri liri lonse limene apeza, apaka mankhwala oyambira pa citsulo ndi pa galasi, naika guluu watsopano mzere umodzi wosaduka. Ngati citsulo cadyeka ndi dzimbiri, monga zicitika ndi magalimoto ena ocokera ku madera a cipale ndi a m'mbali mwa nyanja ku Japan, ayamba wakonza citsuloco, ndipo mtengo ukwera pa cifukwa cabwino. Wofuna kuchipitsa alumpha zonsezi, nagwiritsa silikoni wa m'bafa, amene alibe mphamvu yogwira galasi pa ngozi. Cinyengo cace cidzaululika ndi mvula ya December, pamene madzi ayamba kudonthera pa miyendo ndi pa mawaya.

Guluu afunanso nthawi. Wofulumira, amene ali wodula, alola galimoto kuyenda patapita ola limodzi kapena awiri. Wina afuna maola ambiri, ngakhale tsiku lathunthu. Guluu ameneyu auma ndi cinyezi ca mu mpweya, kotero kuti m'miyezi ya June ndi July, pamene mu Lusaka muli cisanu ndi mpweya wouma, acedwa koposa. Kuthamanga sikufika. Lonjezo lija lakuti nsima ya masana akadyera kwao linali lokoma m'khutu, koma galimoto yolowa m'maenje a ku Kanyama guluu ali wosauma isuntha galasi pa malo pace. Tsiku loyambalo mwini galimoto asamenyetse zitseko, ndipo asiye zenera limodzi lotsekuka pang'ono kuti mpweya usakankhe galasi.

Magalimoto atsopano aonjezera zina. Ena ali ndi kadiso kozindikira mvula kumbuyo kwa kalirole, ena ali ndi mlongoti wa wailesi kapena timawaya totenthetsa m'kati mwa galasi, topangidwira maiko a cipale, timene kuno tiribe nchito koma tikweza mtengo. Cacikulu ndi kamera. Kuyambira mu 2015 Toyota inayamba kuika pa magalimoto ace ambiri kamera yopenya mseu, imene icenjeza woyendetsa ndi kugwira mabuleki yokha, ndipo Subaru inayamba kale mu 2008. Magalimoto amenewa alikufika tsopano m'dziko muno monga ogwirapo kale nchito. Galasi likasinthidwa, kamerayo iyenera kuongoledwanso ndi makina a kompyuta, ndipo si galaja iri yonse iri nao. Imeneyo ndi nchito yolipira payokha, ndipo wofunsa mtengo afunse ngati iri m'kati.

Za inshuwalansi nzacidule. Ya third party, imene lamulo likakamiza galimoto iri yonse, ilipira anthu ena amene abvulazidwa kapena kuonongeredwa katundu, osati galasi la mwini. Ya comprehensive kawiri-kawiri iri ndi gawo la galasi, koma ndi malire a ndalama, ndipo mwini angafunsidwe kulipirako mbali ina. Auze kampani asanasinthe galasi, asunge risiti. Safunsa anadya phula.

Comvetsa cisoni pa nkhani ya mkulu uja ndi cakuti tsiku lija la ku Kabwe bvuto lace linali locepa. Kacipsera kakang'ono kakonzeka popanda kucotsa galasi: mmisiri akoka mpweya m'kacipserako, nathiramo utomoni woonekera, naumitsa ndi nyali, ndipo mtengo wace ndi kagawo cabe ka mtengo wa galasi latsopano. Koma kayenera kukhala koyera, kouma, ndiponso kotalikira m'mphepete. Kacidutswa ka selotepi komata pomwepo kaletsa pfumbi ndi madzi kufikira munthu afika kwa mmisiri. Ku England opima magalimoto akana cilema coposa mamilimita 10 patsogolo peni-peni pa woyendetsa, ndi coposa mamilimita 40 pa malo ena opukutidwa ndi mawaipa. Muyeso umenewo uthandiza munthu wa kuno kudziwa cimene ciri cacing'ono ndi cimene cakula.

Mkulu uja anabwerera kwa waciwiri, white book iri m'manja. Anawerenga pa ngodya ya galasi, nafunsa dzina la guluu ndi maola ace, nafunsanso ngati adzakonza kwaulere likadontha mvula ikadza. Wa m'sitolo anabvomera, ndipo iye anati, "Lembani pa risiti, acimwene, pakuti pakamwa paiwala." Asanacotse galasi lakale anamatula bwino-bwino timapepala tozungulira ta msonkho wa mseu, ta inshuwalansi ndi ta fitness, pakuti ena atitaya pamodzi ndi galasi losweka, natikumbukira ataimitsidwa kale ndi apolisi. Galimoto inagona komweko usiku umenewo, ndipo iye anataya ndalama za madzulo amodzi. Anakwera minibasi ya ku Chawama, nakhala kutsogolo pambali pa woyendetsa, ndipo njira yonse maso ace anali pa mng'alu umene unali kuyenda kucokera pa ngodya ya galasi la minibasiyo.